Khutu la Bwana ku Kinbrachie

A Murdo Cruickshank anadzuka m'mawa wa Lachinayi n'kuyamba kubisa zolakwa za nyumba yawo. Zolakwazo zinali zambiri, ndipo zina zinali ndi zaka mazana anayi.

Akazi awo, a Elspeth, anali m'chipatala sabata yachitatu. Madokotala anali atawaika chitsulo m'chiuno, moti anali atayamba kale kuyenda ndi ndodo ziwiri m'khonde la wodi. Koma chipatala sichitulutsa munthu wotere chisanaone kumene akupita. Tsikulo kumabwera Mayi Rennie, otumidwa ndi chipatalacho, kudzayendera nyumba. Akalemba kuti ili bwino, a Elspeth abwerera kwawo. Akalemba kuti ayi, ndiye kuti akakhala kwa mwana wawo Kirsteen m'tauni mpaka papezeke nyumba ina yapansi. Za nyumba ina a Murdo sankafuna n'kumva komwe. Ankafuna mkazi wawo pakhomo, pampando wake, akuwalalatira za nsapato zamatope.

Vuto linali lakuti nyumbayo sanaimangire odwala chiuno. Sanaimangire ngakhale alendo. Kinbrachie ndi nsanja ya miyala imene bwana wina wakuba ng'ombe anamanga kalekale, kuti eni ng'ombe akamulondola azilephera kumugwira pakhosi. Zipinda zilimo zisanu, koma osati zoyandikana ngati za anthu anzeru ayi, china pamwamba pa chinzake. Pansi khitchini, pamwamba pake balaza, kenako chipinda chogona, kenako china, kenako chinanso chimene mumagona mphepo yokha. Makoma ake ndi ochindikala moti munthu atagona chopingasa m'kati mwake, mapazi sangatulukire kunja. Zonsezi zimalumikizidwa ndi masitepe 68, opapatiza, ozungulira ngati chigoba cha nkhono.

A Murdo anaigula zaka 31 zapitazo ilibe denga, mtengo utamera pabalaza, akhwangwala akuchitiramo misonkhano. Iwo anali pulambala, ndipo anthu a m'mudzimo anati fungo la mapaipi lawasokoneza mutu. Koma munthu uja anafolera, anakoka madzi, analowetsa magetsi m'makoma amene anadya zoboolera zosawerengeka, mpaka bwinja linasanduka nyumba. Kuyambira pamenepo mlendo aliyense ankamva mawu omwewo: "Ine ndi Elspeth sitingagone kwina. Funsani mwini wakeyo." A Elspeth ankangoti, "Mwamva kale," uku akuthira tiyi.

Choyamba kubisa chinali sitepe ya nambala 11. Mmisiri wakale amene anamanga nsanjayi anaikweza dala ndi zala ziwiri kuposa zinzake, kuti mdani akamakwera chothamanga ndi lupanga apsompsone mwala. Adani anatha kalekale, koma sitepeyo palibe anaiuza. Inagwetsapo abusa, inagwetsapo wapositi, ndipo apongozi a a Murdo inawagwetsa kawiri, zimene a Murdo ankaziwerengera ngati ubwino wa nyumbayo. Anayalapo kapeti wofiira kuyambira pansi mpaka pabalaza, namangirira chingwe chatsopano chogwirira.

Kenako anatsikira m'kachipinda koyandikana ndi khitchini, momwe bwana uja ankatsekeramo anthu amene sanagwirizane naye maganizo. Dzulo lake anali atapakamo penti yoyera ndi kulowetsamo bedi. Tsopano anaika maluwa m'kabowo kowomberapo mfuti, ndipo pa mphete yachitsulo ya pakhoma anapachikapo thaulo la maluwamaluwa. Anabwerera m'mbuyo, nayang'ana. Mtima unakhala m'malo.

Galimoto ya Kirsteen inafika cha m'ma 10 koloko, mvula ikuwaza monga mwa masiku onse. Munatuluka Kirsteen ndi mayi wamfupi wa jekete lachikasu, tepi yoyezera ili m'manja asanapereke n'komwe moni. A Murdo anawalandira pakhomo atavala taye.

"Takulandirani, mayi. Weramani pang'ono, khomoli limafuna ulemu."

Mayi Rennie sanafunike kuwerama. Anaima n'kuloza m'mwamba. "Bowo ili pamwamba pa khomoli n'lachiyani, bambo?"

"Lothirira phula lotentha pamutu pa alendo osaitanidwa. Inu musaope, mwaitanidwa."

"Sindinaitanidwe, bambo. Ndatumidwa."

Anayeza khomo, nayeza chitseko chachiwiri cha zitsulo zolukanalukana chimene chili kuseri kwa chathabwa, nalemba. A Murdo anawatsogolera msangamsanga ku kachipinda koyera kaja.

"Muno ndi m'chipinda cha alendo. Mayi azigona muno mpaka chiuno chigwire. Sitepe palibe ngakhale imodzi, khitchini ndi iyi, ine ndizigona pampando apa."

"Ababa, iyi ndi ndende," anatero Kirsteen.

"Inali ndende. Nawenso unali mwana wabwino. Zinthu zimasintha."

Mayi Rennie anakweza thaulo lija, nayang'ana mphete yachitsulo, nalibwezerapo bwinobwino. "Chimbudzi chili kuti?"

"Chapamwambako pang'ono."

"Masitepe angati?"

"Kuno sitiwerenga, mayi."

"34," anatero Kirsteen.

A Murdo anamuyang'ana mwanayo ndi diso lakuti tionana. Kenako anafotokoza kuti chimbudzicho chili m'kati mwa khoma, pamalo omwewo pamene bwana uja ankakhala, kungoti nthawi yake zinthu zinkatsetsereka kunja kwa khoma anthu onse akuona, pomwe iwo anaikapo paipi imene sinatsekekepo ngakhale kamodzi. Ananena izi monyadira, chifukwa inalidi ntchito yabwino.

"Nanga pansi pano simungaike china?"

"A ku ofesi yoteteza nyumba zakale salola. Chikepe anakana, kuboola pansi anakana. Mwala uliwonse pano uli ndi loya wake. Koma ndagula mpando wachimbudzi wa chidebe pansi, ndipo wotaya ndine."

Anayamba kukwera, a Murdo patsogolo, pakamwa posatseka. Anafotokoza kuti masitepewo amazungulira chakumanja kuti mwini nyumba akamatsika lupanga lake lizipeza malo, pomwe la mdani likungomenya khoma. Ankafuna kuti mayiwo maganizo akhale pa malupanga pofika pa nambala 11. Zinathekadi, moti Mayi Rennie anapunthwa, nagwira chingwe ndi manja onse awiri, tepi n'kugubuduka mpaka pansi.

"Kapetiyu ndi watsopano," anatero a Murdo. "Sanazolowere anthu."

Pabalaza moto unali ukuyaka m'chiuni cha m'khoma, chachikulu chokwana kuwotchamo ng'ombe yathunthu. A Murdo anathira tiyi, natulutsa masikono ogula kusitolo amene anawawaza ufa pamwamba kuti aoneke ophika okha. Mayi Rennie anadya imodzi, nawerenga zimene analemba, napuma mozama.

"Ndisakunamizeni, bambo Cruickshank, nyumba yanuyi ndi yamisala. Koma ndalolezapo zovuta kuposa ino. Chipinda chapansicho bedi likukwana, khomo ndodo zikudutsa. Namwino akamabwera m'mawa ndi madzulo, ndipo mayi akalonjeza kusakwera pamwamba miyezi itatu, sindikuona chowaletsa kubwerera."

A Murdo anafuna kuvina, koma anangokonza taye. Anayang'ana Kirsteen kuti aone manyazi ake. Kirsteen anali akuyang'ana m'kapu.

"Ababa," anatero, "amayi anapempha juzi yawo yobiriwira ija ndi masilipasi. Mungakatitengereko kuchipinda? Ine ndimalize mafomuwa ndi mayiwa."

A Murdo anakwera ngati mnyamata. Juzi anaipeza, masilipasi anawapeza, ndipo akanakhala munthu wina akanangotsika. Koma m'chipinda chogonacho, kuseri kwa kabati ya zovala, muli kachitseko kofika m'chiuno. Ukakwawiramo umapeza kamphako m'kati mwa khoma, pamwamba penipeni pa chiuni cha pabalaza, ndipo pansi pake pali kabowo kobisika m'maluwa osema pamwala. Anthu a kuno amati khutu la bwana. Bwana uja ankatsanzika alendo ake kuti akukagona, n'kukakhala m'menemo kumvetsera amene akufuna kumupha. A Murdo ankasungiramo nyali za Khirisimasi. Lero anangofuna kumva mmene mayi wachipatala akuyamikira paipi yawo iwo kulibe, chifukwa kuyamikira kwa kumbali ndiye kokoma.

Anakwawa, mimba ikukhula mwala, nagwada pakati pa makatoni. Mawu ankamveka ngati anthuwo ali nawo m'mphakomo.

"Mayi Rennie," ankatero Kirsteen, "amayi anandituma mawu kwa inu. Anati ababa asamve."

"Ndikumva."

"Akuti chonde muilepheretse nyumbayi."

Kapu inagunda sosala.

"Akuopa masitepe? Ndanena kale kuti sazikwera."

"Miyezi itatu. Ikatha? Atopa, mayi, ndipo si chiuno chokha. Zaka 31 akukwera ndi zochapa, kutsika ndi mbale. Akaiwala magalasi pamwamba amakhala pasitepe n'kulira kaye asanawatsatire. Nyengo yozizira amagona ndi chipewa. Zenera la kukhitchini ndi kamng'alu kowomberapo mfuti, moti akuti akhala akuphika mumdima theka la moyo wawo. Akuti nyumbayi sanaikondepo ngakhale tsiku limodzi. Amakonda mwini wake basi."

"Nanga bwanji osawauza okha?"

"Akuti munthu amene anathyoka msana kumanga chinthu sungamuuze kuti wakumangira ndende. Akufuna mlandu ukhale wa chipatala. Ababa akwiyire inu, osati iwo."

"Aliyense amakwiyira ine, ndinazolowera," anatero Mayi Rennie. "Koma bodza sindilemba, mwanawe. Ndimalemba zimene ndaona, ndipo zimene ndaona zikuti abwerere. Pepa."

A Murdo anakhalabe chogwada. Choyamba chinabwera ndi mkwiyo. Kani nkhanga zinapangana kusanapse? Iwo akupaka penti mpaka mapewa kuwawa, mkazi ndi mwana akuluka zawo kuwodi? Anafuna kufuula pakabowopo kuti onse awiri adzidzimuke. Koma mkwiyowo sunakhalitse, chifukwa anayamba kukumbukira, ndipo zokumbukirazo sizinawakomere. Anakumbukira kuti pa zaka zonsezo sanamvepo a Elspeth akunena ndi pakamwa pawo kuti nyumbayi ndi yabwino. Ankanena ndi iwo, a Murdo, mkazi n'kungovomera kuti alendo amva kale. Anakumbukira kangapo konse pamene anawapeza atakhala pakati pa masitepe, dengu la zochapa pamiyendo, iwo n'kuwadumpha akuseka kuti, "Mukuonera malo, mayi?" Anachita manyazi aakulu, amene sanawamvepo chibadwire, ndipo anamva chisoni. Anazindikiranso chifukwa chake bwana uja pachithunzi chake chopachikidwa pabalaza nkhope ili ngati wamwa mankhwala owawa: munthu womanga khutu m'nyumba mwake amamva ndithu.

Kutuluka kunavuta kuposa kulowa. Anabwerera chafutambuyo, nyali za Khirisimasi zitakola mwendo, natsika ndi juzi ndi masilipasi.

Pabalaza anapeza Mayi Rennie ali patebulo, koma Kirsteen ataimirira pachiuni penipeni, pansi pa maluwa osema aja. Mwanayo anawayandikira, nachotsa ulusi wa kangaude paphewa pawo, nautaya pamoto. Apa m'pamene a Murdo anakumbukira kuti Kirsteen anakulira m'nyumba muno, ndipo ali wamng'ono ankabisala m'khutumo kumvetsera za mphatso zake za Khirisimasi. Sanaiwale za khutulo ayi. Anawatuma juzi dala, naima pamenepo dala, nakweza mawu dala. Anawalonjeza mayi ake kuti sawauza bambo ake, ndipo sanawauzedi; anauza mwala.

"Ndangotsala kusaina," anatero Mayi Rennie.

A Murdo anaika juzi pampando. "Musanasaine, mayi, muli ndi kanthawi? Pali zina sindinakuonetseni."

Anawatsogolera kutsika. Pa nambala 11 anawerama, nakanganula kapeti.

"Si kapeti anakugwetsani. Ndi iyi. Yagwetsa anthu amiyendo yabwinobwino, ndipo akazi anga mumawadziwa pang'ono: mukati asakwere miyezi itatu, Lolemba lomwe akwera kukaona ngati ndayala bedi."

Mayi Rennie anayeza sitepeyo, nalemba.

M'kachipinda koyera muja a Murdo anakankha bedi, naika dzanja la mayiwo pakhoma. Linali lonyowa.

"Pentiyi ndi yadzulo. Pofika sabata yamawa ikhala itasupuka. Khomali limalira chaka chonse, ndipo nyengo yozizira madzi a m'kapu amaundana muno. Akaidi ankafa ndi chifuwa asanaweruzidwe."

Liwu lililonse linkatuluka ngati akudzizula dzino okha, koma atayamba sanaime. Ananena kuti chipale chofewa chikagwa msewu umatsekeka masiku atatu, namwino sangafike. Ananena kuti tsiku limene a Elspeth anagwa, machira anakanika kukhota pachitseko chachitsulo chija, moti amuna anayi anawatulutsa m'bulangete ngati thumba la mbatata. Ananena kuti masikono aja ndi ogula. Za paipi yokha sananene choipa, poti panalibe.

Mayi Rennie anasiya kulemba, nawayang'ana nthawi yaitali. Anayang'ananso Kirsteen, amene anali kalikiliki kupukuta mphuno.

"Mwasintha bwanji, bambo Cruickshank?"

"Ndi tiyi uja. Ndikamwa tiyi ndimanena zoona. N'chifukwa chake ndimakonda wisiki."

"Mukudziwa kuti ndi izi sindingalole kuti abwerere kuno?"

"Ndikudziwa. Koma mulembenso kuti ndinakana kwambiri. Mulembe kuti ndinakalipa."

"Ndilemba kuti munakalipa."

"Ndi kuti ndinakuthamangitsani."

"Zimenezo ndiye ayi," anatero Mayi Rennie, nasaina.

Nthawi yoona odwala inali 3 koloko masana. A Murdo anapita okha, atamuuza Kirsteen kuti walankhula zokwanira tsiku limodzi. Anayendetsa galimoto pang'onopang'ono kudutsa m'mudzi, ndipo kuseri kwa tchalitchi anaima kanthawi, injini ikulira, asanapitirire.

A Elspeth anali pampando pafupi ndi zenera, tsitsi atapesa, ndodo zili pambali. Ataona nkhope ya amuna awo anakonza yawo kuti ifanane nayo.

"Zayenda bwanji, bambo a Kirsteen?"

"Yalephera." Anaponya juzi pabedi. "Mayi ujatu ndi mfiti. Wayeza chilichonse, anangotsala kundiyeza ine. Ndamukalipira mpaka wanjenjemera, koma wasaina basi."

"Kalanga ine. Pepani, bambo. Ntchito yonse ija."

A Elspeth anali mkazi waluso pa zinthu zambiri, koma zisudzo sizinali mbali yawo. Chisoni chinali pakamwa pokha. Mapewa anali atatsika ngati munthu amene watula mtolo. A Murdo anaona, ndipo zinawapweteka, komabe anakondwa kuona mapewawo atatsika. Anakoka mpando nakhala.

"Ndiye kaya," anatero. "Kwa Kirsteen sitingakhaleko mpaka kale, mwamuna wake uja amatafuna mokweza. Pobwera ndaona kanyumba kogulitsa kuseri kwa tchalitchi. Kapansi. Konyansa. Makoma ake ukhoza kuboola ndi chala."

"Ka chitseko chachikasu kaja? Khitchini yake zenera lake ndi lalikulu, dzuwa limalowa m'mawa wonse, ndipo bafa lili khomo ndi khomo ndi kuchipinda, kuseri kuli kadimba koti..."

Anaima pakati. Wodwala wa bedi loyandikana anatsokomola. A Elspeth anayamba kusalaza juzi imene inali yosalala kale.

"Munalowamo liti?" anafunsa a Murdo.

"Kamodzi kokha. Ndinkangodutsa."

"Kamodzi."

"Katatu."

A Murdo anayang'ana manja a akazi awo, zala zopindika, mphete imene sinkavukanso. Mawu anatuluka otsika kuposa mmene ankafunira.

"Bwanji simunanene, mayi? Zaka zonsezi?"

A Elspeth sanafunse kuti adziwa bwanji. Anakhala nawo zaka zokwanira kudziwa kuti mayi wachipatala sangalepheretse nyumba imene a Murdo atsimikiza kuti ipambane.

"Munali osangalala," anatero. "Mwamuna wosangalala chonchija ndi wosowa. Anzanga onse amuna awo amangodandaula. Ndinati wangayu ndimusunge momwemo."

"Munandisunga ngati chitsiru."

"Pang'ono."

A Murdo anaseka, koma kusekako kunathera m'mphuno, moti anafunika mpango. A Elspeth anawapatsa wawo, nadikira, osayang'ana, monga amachitira munthu wodziwa kuti mwamuna wake safuna mboni pa zinthu zotere.

"Mapaipi ake ndi achabechabe," anatero a Murdo pomaliza. "Ndaonera panja. Anaika munthu wosadziwa ntchito."

"Ndiye mukakonza."

"Ndikakonza. Koma nambala ya wogulitsayo ndaiwala kulemba, ndiyenera kudzeranso komweko."

A Elspeth anaitchula pamtima, yonse, osapunthwa pena paliponse. A Murdo anafufuza cholembera m'thumba la jekete, nawapempha kuti abwereze pang'onopang'ono.